Kodi Cikondi Cimafunsa Mtundu?

Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mlendo wathu lero ndi buku locokera ku dziko la India. Analilemba mai wina dzina lace Arundhati Roy, ndipo linatuluka m'caka ca 1997. Mutu wace pa Cingerezi ndi The God of Small Things, ndiye kuti Mulungu wa tinthu tating'ono. Nkhani ya m'bukuli ndi yopeka, koma mwambo umene ikunena ndi woona.

Ku India anthu anagawidwa m'magulu kuyambira kalekale. Apwitikizi atafika kumeneko anacha magulu amenewa casta. Munthu sasankha gulu lace. Amabadwiramo, amakwatiramo, amaferamo. Pansi pa magulu onse pali anthu amene ankachedwa osakhudzidwa. Iwo ankapatsidwa nchito zosesa, zotaya zonyansa ndi zofufuta zikopa. Sankaloledwa kutunga madzi pa citsime ca anzao. Lero iwo amadzichula okha kuti Dalit.

M'bukuli muli mkazi, Ammu, wa banja lolemera la Cikristu ku cigawo ca Kerala. Ukwati wace unatha, ndipo anabwerera kwao ndi ana ace amapasa. Mulinso mwamuna, Velutha, mmisiri wa matabwa waluso kwambiri. Iye ndiye ankakonza makina a pa fakitale ya banjalo. Koma anabadwira m'gulu la osakhudzidwa. Awiriwa anakondana, ndipo ankakomana usiku m'mbali mwa mtsinje.

Amene anaulula cinsinsi ndi bambo wace wa Velutha, cifukwa ca mantha. Banja linatsekera Ammu m'cipinda. Mai wina wa m'banjamo anakanama kwa apolisi kuti Velutha anafuna kugwirira Ammu. Apolisi anammenya koopsa, ana aja akuona, ndipo anafera m'manja mwao. Mtsogoleri wa cipani cimene Velutha analimo, amene ankalalikira kuti anchito onse ndi amodzi, anakana kumthandiza. Ammu anapitikitsidwa pakhomo. Anafa yekha ali ndi zaka 31. Amapasa aja analekanitsidwa.

Taonani, amai ndi abambo. Banja lija linali lopemphera. Linkadya thukuta la Velutha ndi kugwiritsa nchito mipando imene iye anapala. Manja ace anali abwino pa nchito, koma oipa pa cikondi. Velutha sanabe, sanaphe. Mlandu wace unali umodzi: mimba imene anabadwamo.

Nkhaniyi ikucitika m'caka ca 1969. Pamenepo nkuti malamulo akulu a dziko la India, amene anayamba kugwira nchito mu 1950, ataletsa kale kusala anthu motere. Amene anatsogolera polemba malamulowo ndi B. R. Ambedkar, amenenso anali Dalit. Ali mwana ankakhala payekha m'sukulu, osaloledwa kukhudza mtsuko wa madzi. Mu 1936 iye analemba kuti mankhwala eni-eni a tsankho limeneli ndi kukwatirana pakati pa magulu. Anaona kuti anthu angathe kudyera pamodzi, koma tsankho limabisala pa khomo la ukwati. Lamulo la pa pepala silifika msanga pamenepo.

Wina anganene kuti, “Izo nza Amwenye, kuno kulibe.” Nzoona kuti kuno ku Marávia tilibe casta. Koma tiyeni tikumbukire. Kale m'midzi yathu munali mfulu ndi kapolo. Ena anagwidwa pa nkhondo. Ena anaperekedwa kulipira mlandu. Ena anadzipereka okha pa nthawi ya njala kuti apeze cakudya. Mwana wobadwa kwa mai wa ukapolo analibe malume womuimira pa mlandu, cifukwa kwathu mwana amatsata mbumba ya mai wace. Ukapolo unatha, koma mau akuti “kwao ndi akapolo” amanong'onezedwabe m'mabanja ena pamene nkhani ya ukwati yabuka.

Atsamunda nao anatigawa. Munthu wakuda wamba ankachedwa indígena, ndipo ndiye ankagwidwa cibalo. Ocepa amene anaphunzira Cipwitikizi ndi kutengera makhalidwe a Azungu ankachedwa assimilado. Lamulo limenelo linafafanizidwa mu 1961. Makolo athu anamva kuwawa kwa kuyesedwa munthu wocepa cifukwa ca kubadwa. Nanga ife ticitirenji anzathu zomwezo?

Lero mau asintha, koma mtima ndi womwewo. “Uyu ndi wobwera.” “Uyu ndi Mnyungwe, ife ndife Acewa.” “Uyu ndi Mnsenga.” “Uyu ndi msodzi cabe wa ku nyanja ya Cahora Bassa.” “Kwao kunabadwa mwana wa khungu la cialubino.”

Tsono tisafulumire. Kodi makolo asamalankhule konse pa ukwati wa ana ao? Iai. Ukwati si wa anthu awiri okha. Mkamwini adzalima munda wa apongozi, adzakumba manda pa maliro, ana ace adzakhala a mudzi wonse. Ncifukwa cace pali ankhoswe. Ndipo zoletsa zina nzabwino. Munthu sakwatira mlongo wace. Mwana wosakwana zaka 18 sakwatiwa, ndipo kuyambira 2019 lamulo la Moçambique limalanga amene akwatitsa kapena kukwatira mwana wotere. Zoletsa zimenezi zimachinjiriza munthu.

Nanga tidzasiyanitsa bwanji coletsa cabwino ndi coipa? Tifunse mafunso awiri. Loyamba: kodi coletsaci cikupulumutsa yani? Laciwiri: kodi cimene tikumkanira munthuyu anacita ndi iye, kapena anangobadwa naco?

Ngati mnyamata ndi cidakwa, waulesi, womenya akazi, kapena wabisa mkazi wina, ankhoswe ayenera kukana. Zimenezi ndi zocita zace, ndipo angathe kuzileka. Koma palibe amene anasankha gogo wace, cilankhulo ca mai wace, kapena khungu lace. Kukana munthu pa zifukwa zotere sikupulumutsa mwana wathu. Kumangosunga ulemu wathu pamaso pa anansi. Malamulo akulu a dziko lathu, pa ndime 35, amati anthu onse ndi ofanana, posayang'ana khungu, mtundu, kobadwira kapena cipembedzo.

Tikakana mouma mtima, cikondi sicimatha. Anawo amathawira ku Tete kapena kuoloka malire kunka ku Zambia. Mwana amabadwa osadziwa agogo ace. Mtsikana amakakamizidwa kwa mwamuna amene samkonda. Banja la Ammu linafuna kusunga dzina lace. Linatsala ndi dzina, koma nyumba inapasuka.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mnyamata akabwera kudzafunsira mbeta, timufunse za munda wace, manja ace ndi mtima wace. Za agogo ace tiwasiyire agogo ace.

Mafunso okambirana

1. Kodi Velutha analakwa ciani?
2. Chulani zoletsa ziwiri za ukwati zimene zimachinjiriza munthu.
3. Kodi m'mudzi mwanu muli banja limene anthu amapewa kukwatirako? Cifukwa cace nciani?
4. Mukanakhala nkhoswe ya Ammu, mukanatani?