ZA MKWIYO NDI COONADI

Mwezi uno tifuna kusinkhasinkha pamodzi funso lakale lomwe: kodi munthu wokwiyira coipa aloledwa kugwira cida ciri conse polimbana naco? Citsanzo cathu ticitenga kutari, ku America, kwa oyimba amene ambiri a ife sitikadawalola kuyimba pabwalo la sukulu. Komatu phunziro silisankha khomo lolowera.

M'mudzi waukuru wa Chicago, m'caka ca 1981, munthu wina dzina lace Al Jourgensen, wobadwira ku Havana mu 1958, anayamba gulu la oyimba lochedwa Ministry. Dzinalo limveka ngati la utumiki wa Eklesia, koma si gulu la Eklesia ai. Poyamba nyimbo zao zinali zofewa, zobvinira anyamata ndi asungwana. Pofika 1988 zinasanduka zaukali: magitala olira ngati maceka, ng'oma zogunda ngati nyundo za osula zitsulo, ndi mau a anthu ojambulidwa kwina ndi kulowetsedwa pakati pa nyimbo. Mayimbidwe otere achedwa industrial metal.

Anthu ambiri akamakula mtima wao uzizira, koma kwa Jourgensen sikunatero. Mu March 2003 Pulezidenti George W. Bush anatumiza ankhondo ku Iraq, boma lace litanena kuti dzikolo linasunga zida zakupha khamu la anthu nthawi imodzi. Atafunafuna, nkhokwe za zidazo sizinapezeka, koma anthu ambirimbiri anafa. Pamenepo Jourgensen, ali ndi zaka 45, anayamba kuturutsa zimbale zotsutsa Bush: Houses of the Molé mu 2004, Rio Grande Blood mu 2006, ndi The Last Sucker mu 2007. Nyimbo zace zinathamanga ndi kupfuula koposa za zaka zapambuyo pomwepo, ndipo mwini wace sanaleka kudzudzula olamulira, pakuti mu 2018 anatsutsanso Pulezidenti Donald Trump m'cimbale cina.

Kodi tinene kuti mkwiyo umene ndi cimo? Sitingathe kutero. Amosi anakwiyira opondereza aumphawi. Natani anaima pamaso pa Davide. Yohane Mbatizi anataya mutu wace cifukwa ca kudzudzula Herode. Makolo athunso anati wakutsina khutu ndi mnansi. Munthu woona anthu alikufa pa cifukwa cosaona, nakhala cete kuti asataye ogula nyimbo zace, ameneyo sitimchula wofatsa koma wamantha. Mau onyansa ndi zotukwana za oyimbawa sitizibvomereza. Koma pa mlandu wa zida zija iwo sanalakwa, ndipo tiyenera kuwapatsa zao.

Tsono taonani zida ziwiri zimene anazigwira. Coyamba ndi ici: m'nyimbo yoyamba ya Rio Grande Blood anatenga mau eni eni a Bush, nawadula, nawasokanso mwina, kotero kuti Pulezidentiyo amveka alikudzinenera zoipa zimene sanazinena. Wina adzati uwu ndi umboni wonama. Ife tiyesa kuti si wonama kweni kweni, pakuti msoko uoneka poyera, ndipo womvera ali yense adziwa kuti ndi cipongwe, monga cithunzi coseketsa ca m'nyuzi cimene cikuza mphuno ya munthu. Cipongwe cingakhale camwano, koma sicinyenga munthu.

Caciwiri ndico colemera. M'cimbale comweco muli nyimbo yochedwa LiesLiesLies, ndiko kunena mabodza katatu. M'menemo analowetsa mau ocokera m'kanema wochedwa Loose Change, wa 2005, wonena kuti boma la America linali ndi dzanja pa ciwembu ca pa 11 September 2001, pamene ndege zinagwetsa nyumba zazitari ziwiri ku New York, ndipo anafa anthu pafupi 3,000 tsiku limodzi. Ofufuza mlanduwo anapeza mu 2004 kuti anacita ici ndi amuna 19 otumidwa ndi gulu la al-Qaeda. Ndipo eni kanemayo, pomkonzanso pambuyo pace, anacotsa okha zina zimene ananena poyamba. Cotero nyimbo yodzudzula mabodza inatsamira pa nkhani yopanda umboni. Inalowa ndithu m'gulu la zopikisana pa mphotho ya Grammy, koma ulemu wa anthu susandutsa mphekesera kukhala coonadi.

Nanga cinamgwetsa nciani munthu amene anayamba ndi mlandu woona? Tiyesa kuti ndi ici: mkwiyo ukakhalitsa m'mtima, utiphunzitsa kukhulupirira coipa ciri conse ca mdani wathu. Tilingalira kuti, popeza ananama dzulo, zonse zomnenera lero ziri zoona. Ndipo sitifunsanso mboni. Koma amene anakhalapo pabwalo la mirandu adziwa kuti wodandaula akasakaniza mau oona ndi onama, woimbidwa mlandu agwira onamawo, nawaonetsa kwa akuru, ndipo oona aja agwa nao pamodzi. Mlandu wa zida zosapezeka unali wokwanira pa wokha. Kuonjezapo wina wopeka kunangopatsa olamulirawo mpata wakunena kuti otsutsa onse ali obwebweta. Tikumbukirenso amasiye a tsiku lija, amene imfa ya abale ao inasanduka mwala woponyera munthu wina.

Yankho lathu tsono ndi ili: mkwiyo wolungama utipatsa ufulu wakukweza mau, koma sutimasula ku lamulo loletsa umboni wonama, pakuti lamulolo licinjiriza mdani monga licinjiriza mbale. Ife aphunzitsi, akuru a mpingo ndi eni mbumba tikumana nalo yesero ili masiku onse, pamene atiuza coipa ca munthu amene anatilakwira kale. Tisanacipitirize kwa ena, tidzifunse: cikadanenedwa ca bwenzi lathu, kodi tikadacikhulupirira pa umboni womwewu? Ngati iai, tigwire lilime lathu, tinene cokhaco cimene ticidziwa. Ndipo cimeneco ticinene kosaopa, ngakhale pamaso pa mfumu.