Mnzanga waulula mafunso a mayeso: kodi ndikamunenere?



Mawu a Mulungu a Lamulungu lino la 23 pa chaka akutipatsa ntchito imene ambirife timaizemba, ntchito yodzudzula mbale amene walakwa. Mneneri Ezekiele waikidwa kukhala mlonda, ndipo akauona mlandu nakhala chete, magazi a wolakwayo adzafunsidwa kwa iye (33:7-9). Pa Mateyo 18:15-20 Ambuye Yesu akutionetsa m'mene tingachitire. Mawu amenewa tiyeni tilowe nawo m'kalasi, pakuti ana athu a Sitandade 8, Fomu 2 ndi Fomu 4 akuyamba chaka chimene chidzathera pa mayeso a MANEB.

Labu ya pasukulu ndi yaing'ono, choncho mayeso a pulakitiko akulembedwa m'magulu. Wa gulu loyamba potuluka wanong'oneza mnzake wa gulu lachiwiri zimene zili patebulo. Kapena Fomu 4A yalemba Bayoloje m'mawa, ndipo pofika pa buleki mafunso atatu ali kale ku 4B. Palibe amene walowa ndi likasa, palibe amene wagula pepala. Wangoyankhula basi, iwe n'kumva. Kodi ukanene kwa aphunzitsi?

Mwana wokulira kuno ku Makata yankho amakhala nalo kale: woneneza anzake ndi kazitape, ndipo kazitape poweruka amayenda yekha. Mantha amenewa tisawaseke ife akuluakulu. Yosefe ankakauza bambo ake Yakobe zoipa za abale ake, ndipo tonse tikukumbukira chitsime chija. Mpingo nawonso suombera m'manja aliyense wothamangira ku ofesi. Pa lamulo lachisanu ndi chitatu timaphunzira kuti kuulula cholakwa cha mnzako kwa anthu amene sakuchidziwa, popanda chifukwa chokwanira, ndi tchimo ngakhale nkhaniyo ikhale yoona. Ngati ukupita kwa ahedi chifukwa mnzakoyo amakuposa Masamu, kapena chifukwa munakangana dzana, umenewo si ulonda. Ndi nsanje yovala yunifolomu.

Komabe kukhala chete kulibe chiyero chilichonse. Ambuye akuti uyambe wapita kwa iye, muli awiri. Apa ndi pamene timadumpha, chifukwa mpovuta kuposa njira zina zonse. Kukanena kwa aphunzitsi mobisa nkosavuta, kuyang'ana kumbali nkosavutanso. Koma kumuimitsa mnzako panjira n'kumuuza kuti, "Amwene, zimene munachita zija si bwino, mwabera anzathu amene analemba osadziwa kanthu, musabwerezenso," pamenepo pafunika mtima. Mwina akutukwana. Mwinanso anali asanaganizepo kuti malikisi amene wapatsa mnzake mmodzi wawalanda kwa ena makumi asanu. Akamva, wapulumutsa mnzako ndipo dzina lake silinafike mu stafu. Akapanda kumva, tenga mnzanu wina amene iye amamulemekeza. Akakanabe, muuze poyera kuti ukukanena, kenaka upite. Usamulase kumsana.

Ndipo khutu lako nalo lili ndi mlandu. Sungadzudzule wonong'oneza pamene iwe unaima pafupi kuti umvetsetse funso lachitatu.

Pa zazing'ono ngati izi ilipo njira ina imene ana ambiri saiganizira. Ukhoza kuuza aphunzitsi kuti mafunso akudutsa pakati pa magulu, osatchula dzina la munthu. Mphunzitsi wanzeru atseka mpatawo: asunga gulu lachiwiri m'chipinda china, kapena asintha mafunso. Bowo latsekedwa, munthu sanapachikidwe.

Koma pali malire. Thomas Aquinas Woyera anaphunzitsa kuti kudzudzula mseri kuyenera kutsogola, kupatula pamene cholakwacho chikuika anthu ambiri pangozi, pamenepo sudikira. Ife Amalawi phunziro limeneli tinalilipira modula. M'chaka cha 2020 sukulu zinatsekedwa m'mwezi wa Malichi chifukwa cha Covid-19, ana a Fomu 4 n'kukhala pakhomo miyezi yambiri. Atayamba kulemba MSCE, mapepala a mayeso anayamba kuyenda pa mafoni. Pa 4 Novembala nduna ya zamaphunziro ya nthawi imeneyo, Mayi Agnes NyaLonje, inalengeza kuti mayesowo athetsedwa. Analembedwanso mu Januwale 2021, asilikali akuthandiza kulondera, ndipo boma linawononga mabiliyoni a makwacha. Amene anatulutsa mapepalawo anali ndi mlandu waukulu, inde. Koma pepala silidziyendetsa lokha pa WhatsApp. Aliyense amene analitumiza kwa mnzake ankati, "Ine ndangotumiza chabe." Amene analira ndi mwana uja ankawerenga pa kandulo, ndi mayi ake amene fizi anaipeza pogulitsa tomato mumsika wa Ndirande.

Choncho ukaona pepala la MANEB pafoni ya mnzako mayeso asanalembedwe, imeneyo si nkhani ya awiri ayi. Muuze alifufute, iwe usalilandire, ndipo tsiku lomwelo ahedi kapena woyang'anira mayeso adziwe kuti pepala latuluka. Mnzakoyo ukumuthandizanso, pakuti wogwidwa nalo angathe kutaya zotsatira zake zonse ngakhalenso kugona kupolisi.

Makolo, tisakhale ngati nkhaniyi ndi ya ana okha. Alipo ena mwa ife, okhala pa mabenchi omwewa, amene amatulutsa ndalama kuti mwana "apeze kanthu" mayeso akayandikira, kenaka Lamulungu n'kubweretsa mapensulo ndi zolembera kuti ansembe adalitse. Mwana wa m'nyumba yotere adzadzudzula bwanji mnzake? M'malimana mwathu sabata ino nkhaniyi tiikambirane ana ali pomwepo.

Inu aphunzitsi a m'parishi muno, mwana akabwera kwa inu mwakachetechete, dzina lake lisatuluke pakamwa panu, ngakhale mu stafu. Fufuzani nokha musanalange. Ndipo wonong'oneza funso limodzi pa mayeso a pa teremu musamupatse chilango cha wogulitsa mapepala. Ana amaona. Akaona kuti mnzawo wachotsedwa sukulu chifukwa cha mawu awiri a pa buleki, chaka chamawa pepala lenileni likadzafika pa mafoni awo, palibe amene adzagogode pa ofesi yanu.