ZA KUSUSUKA KWA USIKU

Katekismu amatiphunzitsa kuti machimo ali ndi mizu isanu ndi iwiri, ndipo umodzi mwa mizu imeneyi ndi kususuka. Ambirife timaopa kunyada, chiwerewere ndi mkwiyo, koma muzu uwu timangouseka, pakuti umamera kukhitchini ndipo suchita phokoso. Lero tilingalire za nthambi yake imodzi imene yakula pakati pathu, makamaka m'matauni, ndiyo kudya usiku mgonero utatha kale.

Taonani m'mene zimachitikira. Banja ladya nsima, mbale zatsukidwa, ana agona. Bambo kapena mayi atsala pa wailesi ya kanema, mwina maso ali pa foni, kufikira pakati pa usiku. Tsono mtima uyamba kukumbutsa kuti mumphika mudatsala nyama, m'kabati muli mandasi. Munthu yemwe uja masana adakana chipisi, nati adokotala andiuza kuti ndichepetse thupi, ndiye amene anyang'ama mumdima kukavundukula mphika. Ngakhale mkute umene adasungira ana kuti adye popita ku sukulu upezeka utatha m'mawa, mlandu nugwera mphaka. Kodi imeneyi ndi njala? Iyayi, abale. Njala yeniyeni makolo athu adaidziwa mu 1949, ndipo ambiri a inu mudaiona mu 2002. Ichi ndi chilakolako chabe, chimene chabwereka dzina la njala.

Papa Gregory Wamkulu, amene adatsogolera Eklezia kuyambira mu 590 kufikira mu 604, adaphunzitsa kuti kususuka kumatiyesa m'njira zisanu: kudya nthawi isanakwane, kufuna zamtengo wapatali, kuvuta pa kaphikidwe, kudya mopyola muyeso, ndi kudya mwaphuma. Wodya usiku amagwa m'mbuna zitatu nthawi imodzi, pakuti amadya pa nthawi yosayenera, amaonjezera pa mimba yokhuta kale, ndipo amameza msanga kuti asapezedwe. Malembo Oyera atichenjeza pa zomwezi. Esau adagulitsa ukulu wake kwa Yakobe chifukwa cha mbale imodzi ya mphodza. Aisraele m'chipululu adanyoza mana nalirira nyama. Zinziri zitagwa adatola usana wonse, usiku wonse ndi tsiku lotsatira, koma mliri udawagwera nyama ikali m'kamwa, ndipo malowo adatchedwa manda a chilakolako. Akuluakulu athunso adati: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Ndipo thupi lomwe limachitira umboni. Madokotala atiuza kuti wogona atangodya amavutika ndi chilungulira, chifukwa zowawasa za m'mimba zimabwerera kukhosi munthu akagona pansi. Nchifukwa chake amalangiza kuti padutse maola awiri kapena atatu pakati pa chakudya ndi tulo. Atiuzanso kuti wosowa tulo amamva njala kwambiri mawa lake, nalakalaka zotsekemera ndi zamafuta, ndiponso kuti wodya maso ali pa kanema sazindikira msanga kuti wakhuta. Chakudya chimene thupi siligwiritsa ntchito limachisunga ngati mafuta, ndipo kunenepa kopyola kumatsekulira khomo matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi matenda a mtima. Kwathu kuno timati mimba yaikulu ndi chizindikiro cha ubwana. Nanga ubwana umenewo udzapindulanji, bambo akafa ziwalo ana akali pa sukulu? Lamulo lachisanu la Mulungu limatiletsa kupha, ndipo limatilamulanso kusamala moyo umene Iye adatibwereka.

Eklezia, mayi wathu, adadziwa kale kuti usiku ndi nthawi yoyenera kupumitsa mimba. Benedict Woyera adalamula amonke ake kuti chakudya chamadzulo chithe kukali kowala. Agogo athu, pofuna kulandira Ukaristia, ankasala kuyambira pakati pa usiku, ndipo ambiri ankayenda mtunda wautali kupita ku Misa m'mimba muli pululu. Mu 1957 Papa Pius XII adachepetsa kusalako kukhala maola atatu, ndipo mu 1964 Papa Paul VI adakusiya pa ola limodzi. Mu 1966 Papa yemweyo adakonzanso malamulo a kusala, kotero kuti masiku okakamiza adatsala awiri, Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera. Eklezia adapeputsa katundu kuti tidziletse mwaufulu, ngati ana okhwima. Kodi ife tachita nawo chiyani ufulu umenewu?

Tsono tichite bwanji? Choyamba, idyani mokwanira m'mawa ndi masana, pakuti wodzimana usana wonse ndiye amagwa usiku. Chachiwiri, idyani mgonero pamodzi monga banja, mosafulumira, mutayamba ndi pemphero. Pemphero lothokoza mutatha kudya likhale ngati loko wa khitchini: Amen akanenedwa, mphika usavundukulidwenso. Chachitatu, musasunge m'nyumba zokuyesani. Mabisiketi ndi zakumwa zashuga zimene simudagule sizingakuitaneni usiku. Chachinayi, zimitsani kanema, ikani foni patali, pempherani Korona, mukagone. Chilakolako chikabwera, imwani madzi, mudikire kanthawi, mudzifunse kuti chikukuvutani nchiyani. Kawirikawiri mudzapeza kuti ndi nkhawa ya ngongole, mkangano wa m'banja kapena kusungulumwa. Zimenezo mandasi sangathe kuzichiza. Zitengereni kwa Mulungu, ndi kwa mnzanu wokhulupirika.

Mau awa asalemetse wosalakwa. Odwala shuga amene adokotala adawauza kudya kanthu asanagone, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, alonda ndi anamwino ogwira ntchito usiku, onsewa adye ndi mtima woyera. Si wonenepa aliyense ali wosusuka, ndipo si wowonda aliyense ali wodziletsa, tisaweruzane. Chenjeraninso kuti sikelo isasanduke fano lanu. Wochepetsa thupi kuti anthu amtame wangochoka m'nyumba ya kususuka nalowa m'nyumba ya kunyada. Ndipo amene wagwa usiku umodzi asataye mtima, ayambenso mawa, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo.

Potsiriza kumbukirani Lazaro, amene adagona pa khomo la mwini chuma uja wodya zonona masiku onse. Mwezi wa January ukafika, nkhokwe zambiri m'midzi mwathu zimakhala zopanda kanthu. Ndalama imene mukadaonongera zakudya za usiku, muziika padera sabata ndi sabata, mukaipereke ku mphakati wanu kuti igulire ufa amasiye ndi okalamba. Potero kudziletsa kwanu kudzakhala nsembe yokomera Mulungu. Ambuye Yezu, amene adasala masiku makumi anayi m'chipululu, atipatse mphamvu yolamulira matupi athu, kuti tikakhale nawo pa phwando losatha la kumwamba. Amen.