Nkhalamba Imene Sifika ku Tchalitchi

Belu likalira Lamulungu m'mawa, anthu a m'mudzi amatuluka atasamba ndi kuvala bwino, ena panjinga, ena pansi. Koma m'mudzi uliwonse muli nyumba zina zimene zitseko zake sizitseguka. M'menemo muli nkhalamba zimene kale zinkayambitsa nyimbo ndi kuumba njerwa za tchalitchi chomwecho. Lero miyendo yakana ndi nyamakazi, maso achita ng'ala, ndipo mtunda wa mailosi awiri wasanduka ulendo wosatheka. Kodi munthu wotere wasiya kupembedza? Ndipo ngati sanasiye, kodi mpingo uli naye mangawa otani?

Ena amayankha msanga kuti palibe mlandu. Amati Mulungu ali ponseponse, ndipo nkhalamba ikhoza kupemphera pamphasa pake monga mbusa apempherera paguwa. Mau amenewa ndi oona, koma safika pamapeto pa nkhani. Chipembedzo cha Chikhristu sichili cha munthu mmodzi payekha. Nyimbo imafuna woyambitsa ndi ovomera, ndipo Mgonero wa Ambuye munthu sadzipatsa yekha. Wonena kuti agogo apemphere okha wawachotsera theka la chipembedzo, pomwe iye mwini sangalole kukhala chaka chathunthu osaona nkhope ya Mkhristu mnzake.

Chotero ngati nkhalamba singathe kufika ku mpingo, mpingo ndiwo uyenera kufika kwa nkhalamba. Kalata ya Yakobo, m'mutu 5, imalangiza kuti wodwala aitane akulu a mpingo kuti adzampempherere kumene wagona. Mipingo ya m'Malawi ili nazo kale njira zochitira ntchitoyi. Mu mpingo wa CCAP muli amayi a Chigwirizano ku Sinodi ya Nkhoma, a Mvano ku Blantyre ndi a Umanyano ku Livingstonia, amene amayendera odwala ndi amasiye. Akatolika ali ndi miphakati, imene Bishopu Patrick Kalilombe wa ku Lilongwe anailimbikitsa m'zaka za m'ma 1970, kuti Akhristu oyandikana nyumba azipemphera pamodzi ndi kusamalana. Njira zilipo ndithu. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi mtima wodekha.

Pakuti pali kuyendera kwina kumene sikuthandiza. Alendo amalowa mothamanga, amaimba nyimbo yatsopano imene mwini nyumba saidziwa, mmodzi amalalikira mokweza ngati ali pamsika, amasiya sopo ndi mchere, nachoka. Agogo atsala ndi mchere, koma sanapembedze; angoonerera anzawo akupembedza m'nyumba mwawo. Kupemphera ndi nkhalamba kumafuna kuyenda paliwiro la nkhalambayo. Mlendo ayambe wakhala pansi, alonjere, afunse za thupi, ndipo afunsenso nyimbo imene agogo aikonda. Aiimbe pang'onopang'ono kuti mpweya wa wokalamba ukwanire. Pemphero likhale lalifupi ndi lomveka bwino, pakuti makutu okalamba amataya mau othamanga.

Pano munthu amene waphunzira kumene kuwerenga ali ndi ntchito yaulemu. Nkhalamba zambiri zinakula ndi Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu m'chaka cha 1922 atalimasulira William Murray ndi anzake. Buku Loyera, la Chichewa chofewa cha masiku ano, linatuluka mu 1998. Onse awiri ndi abwino, koma wowerengera nkhalamba achita bwino kutenga buku limene mau ake agogo anawaloweza ali ana. Akamawerenga adzaona milomo ya agogo ikutsatira, ndipo akakhumudwa pa liwu lovuta, agogo omwewo adzamuwongolera osayang'ana m'buku. Amene amawerenga mochedwa asachite manyazi, pakuti kuwerenga kochedwako ndiko kumene khutu lokalamba limamva.

Koma pali chinthu china chachikulu koposa. Ambiri amaganiza kuti popita kwa nkhalamba iwo ndiwo opatsa, agogo ndiwo olandira. Uthenga wa Luka, m'mutu 2, umaonetsa zina. Yesu atabwera naye ku Kachisi ali khanda, amene anamzindikira anali nkhalamba ziwiri: Simeoni, ndi Anna, mkazi wamasiye wokalamba ndithu amene ankakhala m'Kachisi akupemphera usana ndi usiku. Akale anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Munthu amene waika ana ake m'manda, napirira njala, nakhalabe wopemphera, adziwa za chikhulupiriro zimene mnyamata wa maphunziro sanazilawe. Motero mlendo asamalize mapemphero onse yekha. Apemphe agogo kuti nawonso apempherere mpingo, ana asukulu ndi mvula. Nkhalamba imene yapemphedwa kupempherera ena imadziwa kuti ikadali ndi ntchito m'nyumba ya Mulungu.

Nanga amene nzeru zawo zayamba kuthawa? Pali matenda a ukalamba amene amaononga ubongo, kotero kuti munthu amaiwala dzina la mwana wake, amalankhula zosalumikizika, ndipo nthawi zina amatuluka usiku nasokera. Kawirikawiri munthu wotere amakumbukirabe nyimbo ndi Pemphero la Ambuye zimene anaphunzira paubwana, ngakhale zina zonse zitafafanizika. Amene sangathenso kutsata ulaliki angathe kuvomera nyimbo, kapena kungogwira dzanja la womupempherera. Mtengo wa pemphero suli m'kuchuluka kwa nzeru za wopempherayo.

Nkhani imeneyi ikhudzanso moyo weniweni wa munthu. Nkhalamba yokhala yokha, yolankhula yokha, ndiyo imene anthu amathamangira kuitcha mfiti. M'chaka cha 2016 ku Neno nkhalamba zinayi zinaphedwa chifukwa cha mphekesera zotere. Lamulo la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba. Koma lamulo limakhala kutali, pamene anansi ali pafupi. Pakhomo pamene pamafika akulu a mpingo sabata ndi sabata, pamene pamamveka nyimbo masana dzuwa likuswa mtengo, miseche imachita manyazi kufikapo. Nyumba imene mpingo wauleka ndiyo imene mphekesera imalowamo.

Tsono yankho la funso lija ndi ili: nkhalamba imene sifika ku tchalitchi sinasiye kupembedza, ndipo dzina lake likadali m'buku la mpingo monga la wina aliyense. Mpingo umene umawerenga okhawo okhala pamabenchi wawerenga molakwa. Mkulu wa mpingo aliyense ayenera kudziwa nyumba za okalamba a m'dera lake, ndi tsiku limene mbusa anafikako komaliza ndi mkate ndi chikho. Ndipo wachinyamata amene lero aona ulendo umenewu ngati wotopetsa akumbukire kuti ana amene akumuona lero ndiwo adzasankhe ngati adzamuyendera iye atagwira ndodo.