Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere

Amene anakulira kufupi ndi dambo kapena mtsinje amaudziwa mtengo wa mkuyu. Nkhuyu zimabereka mothithikana panthambi zikuluzikulu, ndipo zikapsa zimafiira mochititsa kaso, fungo lake n'kumaitana mbalame, anyani ndi ana omwe. Koma mwana wakumudzi saponya nkhuyu yathunthu m'kamwa. Amayamba waing'amba ndi zala n'kusuzumiramo, chifukwa kawirikawiri m'katimo mumakhala tizilombo tili piringupiringu. Mwambiwu unachokera pamenepo.

Akuluakulu ankaunena kwa mnyamata wotengeka ndi nkhope, kapena kwa mtsikana wokopeka ndi nsapato za mlendo amene kwawo sikudziwika. Onani kuti mwambiwu suletsa kudya nkhuyu, pakuti zabwino zilipo. Umangofuna kuti ung'ambe kaye.

Masiku ano mwambiwu ukugwira ntchito kwambiri pa makalata a pa intaneti onena za mphoto za lotale. Imelo imafika itavala bwino: pamwamba chizindikiro cha kampani yodziwika, pakati nambala ya tikiti ndi manambala ena ataliatali, pansi dzina la munthu wodzitcha dokotala kapena loya. Akuti kompyuta yasankha adiresi yanu pakati pa mamiliyoni ena, ndipo mwapata mapaundi miliyoni imodzi. Maina amabwereka a Microsoft, Coca-Cola, National Lottery ya ku Britain, kapena El Gordo ya ku Spain. Mpikisano wa mpira wa World Cup utayandikira ku South Africa mu 2010, dzina lake nalonso linalowa m'makalata otere.

Kung'amba kwake n'kosavuta. Tikiti munagula liti? El Gordo ndi yeniyeni, imachitika pa 22 December chaka chilichonse ku Madrid, koma amapambana ndi amene ali ndi tikiti m'manja. Microsoft ilibe lotale n'komwe. Yang'ananinso adiresi ya wotumizayo: kampani yogawa mamiliyoni siingalembe kuchokera pa Gmail kapena Yahoo ngati ine ndi inu. Ndipo anthu amene akuti akusungirani chuma chonsecho dzina lanu salidziwa, akufunsa inu.

Mukayankha, nyerere zimayamba kutuluka. Poyamba amapempha kandalama kochepa kotumizira cheke. Mukalipira, kumabwera za msonkho. Msonkho ukatha, akuti banki yaimitsa ndalamazo mpaka mugule satifiketi yosonyeza kuti si za zigawenga. Mukati angodula pa mphotoyo, amakana, ati ndalamazo zili pa inshuwalansi, sizikhudzidwa. Chikhalirecho ku Britain mphoto ya lotale salipirira msonkho, ndipo lotale yeniyeni siuza wopambana kuti atumize kaye ndalama. Chomvetsa chisoni n'chakuti amene walipira kawiri zimamuvuta kusiya. Wagulitsa kale mbuzi, watenga katapila, ndiye amadziuza kuti kwatsala kamodzi kokha. Chinyengo cha mtunduwu ambiri amachitcha 419, potengera gawo la malamulo a milandu ku Nigeria lokhudza kutenga chuma mwabodza, ngakhale ochita zimenezi ali m'maiko ambiri. Kukula kwake kunaonekera mu 2017, pamene Western Union inavomera kupereka madola 586 miliyoni ku boma la America chifukwa chosatchinga mokwanira akathyali omwe ankalandirira ndalama kudzera mwa iyo.

Ena amaseka Chingerezi chopindika cha m'makalatamo, n'kumati ndani angapusitsidwe ndi zoterezi. Mu 2012 Cormac Herley, wofufuza wa ku Microsoft, anafotokoza kuti bodza loonekeratu limawathandiza akubawo. Ochenjera amachoka okha msanga, n'kutsala okhawo amene angafike polipira, motero wakubayo satayira nthawi pa munthu woti sapereka kanthu.

Kwathu kuno chinyengo chomwechi chimabwera kwambiri pafoni. Uthenga kapena munthu wa mawu okoma amati mwawina mu mpikisano wa Airtel kapena TNM, mutumize ndalama yochepa kapena mutchule nambala yanu yachinsinsi kuti mphoto ilowe. Nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba sauza munthu, ngakhale wodzitcha wogwira ntchito kukampaniko.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri m'makalatawa ndi malangizo awiri omwe sasowa: musauze aliyense, ndipo muyankhe masiku ochepa asanathe. Amati n'chifukwa cha chitetezo chanu. Zoona zake n'zakuti akudziwa kuti mukangoonetsa mwana wanu wa kusekondale, mphunzitsi woyandikana naye nyumba kapena wogwira ntchito kubanki, bodzalo lithera pomwepo. Akufuna mumeze musanang'ambe. Choncho chinsinsi chimene akukupemphanicho n'chimene muyenera kuswa poyamba.

Zotsalazo n'zachidule. Musayankhe, ngakhale kuti muwatukwane, chifukwa yankho limawauza kuti adiresiyo ili ndi mwini wake. Musadine linki kapena kutsekula chimene amata pa imeloyo. Chithunzi cha chiphaso cha unzika kapena pasipoti musatumize. Ndi chimenecho atha kukabera ena m'dzina lanu. Ikani imeloyo ku spam, kuti makina aphunzire kutchingira anzanu. Mukafuna kutsimikiza za mpikisano, pitani nokha kuofesi ya kampaniyo kapena imbani nambala imene mumaidziwa kale, osati ya m'kalatamo.

Nanga amene watumiza kale? Asiye lero, asunge mauthenga onse ndi malisiti, adziwitse banki yake kapena kampani ya foni msanga, asinthe nambala zachinsinsi, kenako akanene kupolisi. Ku Malawi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limakhudza milandu ya pa intaneti. Achibale musamunyoze, manyazi ndi amene amatseka pakamwa anthu obedwa, wakuba n'kumapitiriza mwamtendere. Mumuchenjezenso kuti pakapita nthawi atha kulandira kalata ina, ya munthu wodzitcha wapolisi kapena loya, wolonjeza kubweza zonse zotayika akangolipira pang'ono. Nthawi zambiri amakhala omwewo, kapena anzawo amene anagula dzina lake.