Za Colowa Cimene Ana Atola pa Mpira

Ku dziko la America mwezi wa Marichi uli nyengo ya mpira woponya m'dengu, umene auchula basiketibolo. Pamenepo sukulu zazikuru zituma anyamata ao kukapikisana, ndipo lamulo la mpikisanowo nlouma: gulu logonja kamodzi lituluka, osabweranso kufikira caka cina. Poyamba paja, mu 1939, magulu anali 8, napambana a Oregon; pofika 2011 anakwana 68. Tawerengani nokha: mwa 68 limodzi lokha litenga cikho, ndipo 67 abwerera kwao ndi cisoni, pamodzi ndi mabanja onse owakonda.

Pakuti kumeneko cikondi ca gulu cikhala ngati colowa. Atate anaphunzira pa sukulu yakuti, kapena anangobadwira pafupi pace. Tsono mwana, asanadziwe kuwerenga, abvala kale malaya a sukuluyo. Palibe womkhazika pansi kumphunzitsa iai. Angokhala madzulo pambali pa atate wace, napenya nkhope yao. Momwemonso Timoteo anakula m'cikhulupiriro cimene cinayamba kukhala mwa agogo ace Loisi ndi amace Yunike, m'nyumba momwemo. Koma cimene tiopa ife ndi ici, cakuti mwana satola dzina la gulu lokha. Atolanso mau amene atate anena pogonja, ndi citseko cimene acimenyetsa, ndi mwano umene atonza nao mnansi popambana. Ndipo popeza ogonja ndiwo ocuruka, phunziro la kugonja ndilo lilowa m'nyumba kawirikawiri.

Taonani dera la North Carolina. Kumeneko kuli sukulu ziwiri zoyandikana, ya Duke ku Durham ndi ya North Carolina ku Chapel Hill, zolimbana kuyambira kale. Ndipo si cacilendo kuti mwamuna wokonda Duke akwatira mkazi wokonda Carolina. Loweruka, pa 2 Epulo 2022, ku New Orleans, sukuluzi zinakomana nthawi yoyamba mu mpikisano uwu, atatsala magulu anai okha. Carolina inapambana, 81 kwa 77, ndipo pomwepo inatha nchito ya Mike Krzyzewski, amene anaphunzitsa anyamata a Duke kuyambira 1980. M'mawa mwace linali tsiku la Sabata. Tifunse tsono za nyumba zogawanika zija: kodi mai wopambanayo anadzuka ndi mau otani? Kodi atate anadza kudzadya pamodzi ndi banja, kapena anakhala kwaokha ali ndwii? Ndi mtima wotani anapita ku Nyumba ya Mulungu? Ife sitinali komweko, koma ana anali pomwepo, maso ali tong'o.

Masewerawo sitiwatsutsa ai. Amene anawayamba, James Naismith wa ku Canada, anaphunzira za ubusa ku Montreal. Mu Disembala 1891, pa sukulu ya YMCA ku Springfield, Massachusetts, anapacika pamwamba madengu awiri a mapicesi, nalemba malamulo 13, kuti anyamata akhale ndi cocita m'nyumba nyengo ya cisanu, osabvulazana. Pambuyo pace anaphunzitsa gulu la sukulu ya Kansas, ndipo kumeneko anapambana masewera 55, nagonja 60. Inde, mwini wace wa masewerawo anagonja koposa kupambana, ndipo dzina lace silinacepe naco.

Tibwerere kwa a Carolina aja okondwa Loweruka. Lolemba, pa 4 Epulo, anakomana ndi Kansas yomweyo ya Naismith kulimbirana cikho. Popuma pakati pa masewera anali patsogolo, 40 kwa 25, ndipo ambiri anayesa kuti zatha. Koma potsiriza anagonja, 69 kwa 72. Usiku umenewo mai uja anasowa womtonthoza, ndipo amene anakhala naye pafupi ndiye mwamuna yemwe uja wa Duke, ana alikupenyabe.