Kodi 11 ndi zingati?

Mwana wa ku pulayimale amadziwa lamulo ili: nambala ikathera ndi 1, 3, 5, 7 kapena 9, siingagawike pawiri popanda chotsala. Ndi loona. Koma kodi likunena za nambala, kapena za ife eni zala khumi?

Tikalemba 11 timatanthauza mtolo umodzi wa khumi ndi kamodzi kapadera. Tsono tiyerekeze anthu amene amamanga mitolo yawo zitatuzitatu. Iwowa zizindikiro 0, 1 ndi 2 zimawakwanira. Kwa iwo 11 ndi mtolo wa zitatu ndi kamodzi kapadera, ndiye kuti zinayi. Mbuzi zinayi anthu awiri amagawana popanda mkangano, chonsecho nambalayo yathera ndi 1. Lamulo lija lagwa, mbuzi zili chilili.

Palinso kanzeru kena ka kusukulu: 27 imagawika ndi 9 chifukwa 2 kuphatikiza 7 ndi 9. Ena amaona ngati 9 ili ndi matsenga. Ilibe. Yangoperewera kamodzi kuti ikwane mtolo. Kwa omanga mitolo ya 8, ulemu umenewu umapita kwa 7.

Zina sizisuntha. Tengani miyala 13 muyese kuiyala m'mizere ingapo yofanana, mzere uliwonse miyala iwiri kapena kuposa apo: sizitheka. Omanga zitatuzitatu aja amailemba 111, kompyuta imaisunga ngati 1101, koma miyalayo imakanabe. Apa munthu angafulumire kunena kuti choonadi chili mu nambala, kalembedwe ndi chovala chabe.

Ine sindivomereza msanga, chifukwa cha 121. Kwa ife ndi mizere 11 ya miyala 11. Omanga zitatuzitatu akawerenga 121 amapeza 16, mizere 4 ya miyala 4. A mitolo ya 8 amapeza 81, mizere 9 ya miyala 9. Mtolo uliwonse woposa ziwiri umene mungasankhe, miyalayo idzayalika mbali zonse mofanana. Nambala ikusintha, kalembedwe kakusunga khalidwe. Chovala chotere chikudziwa kanthu.

Choncho kalembedwe kalikonse kamaonetsa zina n'kubisa zina, ndipo nkhaniyi yafika pakhomo pathu. Ababulo ankawerenga m'magulu a 60, n'chifukwa chake ola lili ndi mphindi 60, zogawika mosavuta pawiri, patatu, panayi, pasanu. Chiyoruba chimawerenga m'magulu a 20. Chichewa chimapuma pa zisanu chisanafike pa khumi: zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri. Pamsika mawuwa tinawasiya, timati sikisi, seveni, eyiti, ndipo ndamvapo ophunzira bwino akunena kuti kuwerenga kwathu n'kwa anthu osadziwa masamu. Kuti mawuwa ndi ataliatali sindikana. Wogulitsa tomato alibe nthawi yotchula 888 m'Chichewa. Koma kutalika kwa mawu ndi nkhani ina, kusadziwa ndi nkhani ina, ndipo mwana akamva agogo ake akusekedwa amasokoneza ziwirizi.

Agogo akati “zisanu ndi zitatu” amanga mtolo wa zisanu n'kusiya zitatu padera, zimene m'mitolo ya zisanu zimalembedwa 13. Mutafunsa kuti mango eyiti pakati pa ana asanu atsala angati, wonena eyiti ayambe wawerengera kaye. Agogo yankho alitchula kale m'dzina la nambalayo.